Oyilo wolemera si mankhwala a injini yogogoda

Papita milungu ingapo ndisanalembe kanthu pano. Kuchonga mayeso a Fomu 4 kunandigwira pakhosi, ndipo za netiweki ya kwathu kuno mukuzidziwa kale. Koma zimene ndinamva Lachitatu mu sitafu rumu zandikhazika pansi, chifukwa ndikapanda kulankhula tsopano ndidzakhala mmodzi mwa operekeza maliro a galimoto ya mnzathu.

Nkhani yake ndi iyi. Mphunzitsi mnzathu wina, dzina sinditchula, ali ndi Sienta imene anagula ndi ngongole, ndipo ngongoleyo akudulidwabe mwezi ndi mwezi. Kwa milungu itatu tsopano galimotoyo ikumachita phokoso lachilendo akailiza m'mawa. Atangotchula pa nthawi ya tiyi, madokotala anabadwa pompo. Wina anati thiranimo 20W-50, phokoso lithera pomwepo. Wina anati ayi, gulani kabotolo kaja ka zinthu zonanda ngati uchi, kamatseka mipata yonse. Wachitatu, amene amaphunzitsa sayansi ngati ine ndemwe, anati Toyota siifa achimwene, ingoyendetsani. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti phokosolo likuchokera mbali iti ya injini, limatha masekondi angati, kapena kuti oyilo anasinthidwa liti komaliza. Nditafunsa ineyo funso lomalizali, mwini galimoto anayang'ana kudenga n'kunena kuti mwina cha ku Khirisimasi, mwinanso isanafike.

Ndinakwiya, ndipo amene munalipo munaona. Pepani chifukwa cha mawu ena amene ndinalankhula. Koma pa mfundo yeniyeniyo sindikupepesa ayi. Malangizo a oyilo wolemera ndi oipa, ndipo ndi oipitsitsa chifukwa poyamba amaoneka ngati agwira ntchito.

Sindikulemba ngati munthu woyera m'manja. Ana anga akale mukuikumbukira Corolla yoyera ija imene inkaima pansi pa mtengo kuseri kwa labu. Ndi ya 2003, ya injini ya 1NZ-FE, injini yomweyo imene ili mu Sienta ya mnzathuyu komanso m'ma Probox ndi ma Ractis ambiri amene adzaza m'misewu yathu. Ndinaigula mu 2016, ndipo pofika 2023 inali itadutsa makilomita 240,000. Zaka zoyamba ndinkaisamala ngati mwana woyamba. Kenako ana enieni analowa sekondale, fizi inakwera, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo sevisi inayamba kudikira. Mwezi uno ayi, mwezi wa mawa. Oyilo akatsika ndinkangowonjezera wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, osadziwa n'komwe kuti muli chiyani, n'kumadzinamiza kuti poti ndathiramo watsopano ndiye kuti wakaleyo wasungunuka.

Galimoto inandichenjeza katatu. Poyamba inali kachiphokoso ka tchetchetche m'mawa, masekondi awiri basi, kenako zii. Ndinati ndi kuzizira kwa ku Dedza. Kachiwiri, kanyali kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira ndikaima pa rodibuloko injini itatentha, n'kuzima ndikaponda mafuta. Ndinapita kwa makaniko wina wa pa msika, iye anamvetsera kwa mphindi imodzi, osatsegula kanthu, n'kuthiramo oyilo wolemera ndi kabotolo ka uchi kaja. Phokoso linatha, kanyali kanasiya kuphethira. Ndinamuyamikira mu sitafu rumu momwemo, ndipo ndikuopa kuti ena mwa amene amapereka malangizo Lachitatu anawaphunzira kwa ine.

Kachitatu kanali mu Okutobala 2023. Tinkachokera ku maliro kunyanja, anthu akuluakulu asanu m'galimoto, dzuwa likuswa mtengo, tikukwera Khwekhwerere kuchoka ku Golomoti kulunjika ku Masasa. Awiri mwa inu amene mumawerenga pano munali kumbuyo, mukhoza kundichitira umboni. Tili pakati pa phiri kanyali kofiira kanayaka osazimanso, ndipo pansi pa injini panayamba kumveka kho kho kho, ngati munthu akukhoma msomali m'chipinda china. Madamu amene anakhala kutsogolo anati, aphunzitsi, imani. Ine ndinati tingofika pamwambapo, patsala pang'ono. Pamwambapo sitinafike.

Amene anabwera kudzaikoka m'mawa mwake ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zambiri zapitazo, amene nditanena zoona ndinkamuika pa gulu la ovutika pa Physical Science. Anapita ku sukulu ya ntchito zamanja, ndipo pano ali ndi galaja yake. Atamasula sampu, chibeseni cha pansi pa injini mmene mumakhala oyilo, anandiitana. Anati, Sala, bwerani muone nokha, ndisakuuzeni ndine. Pansi pa sampu panali matope akuda onanda ngati phula. Kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo kanali katatsekeka pafupifupi konse. Mabeyaring'i a pisitoni yachitatu anali atadyeka n'kusanduka tizidutswa tonyezimira mu oyilo, ndipo crankshaft inali ndi mikwingwirima yoti chikhadabo chinkakodwamo. Ndinamufunsa ngati oyilo wolemera uja anathandizako. Anaseka mwaulemu, monga amasekera mwana kwa mphunzitsi wake, n'kunena kuti, Sala, munangoitseka pakamwa.

Tiyeni tilowe m'kalasi pang'ono, poti ndi ntchito yathu. Injini ikamazungulira pa 3,000 pa kawotchi kaja ka pa dashibodi, ndiye kuti crankshaft ikuzungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Chitsulo chimenechi sichiyenera kukhudza mabeyaring'i ake ngakhale pang'ono. Chimayandama pa kaoyilo kopyapyala, mu mpata wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kaoyiloko kamakhalapo pokhapokha pampu ikamakankha oyilo mwamphamvu nthawi zonse. Oyilo akakhalitsa amapsa, amasakanikirana ndi mwaye, fumbi, petulo wosapsa ndi chinyezi, n'kuyamba kuundana. Matope amenewo akatseka kasefa, pampu imakoka movutikira, mphamvu ya oyilo imatsika, zitsulo zimayamba kukhudzana, mpata umakula, ndipo mpata ukakula ndi pamene mumamva kugogoda.

Tsono ganizirani zimene oyilo wolemera amachita pamenepa. Amakhala ngati katsamiro mu mpata wokulawo, phokoso n'kuchepa. Zoona. Koma chitsulo chimene chadyeka sichimera. Ndipo ngati vuto ndi kasefa kotsekeka, mwaipatsa pampu ntchito yokoka phala kudzera pa nsalu. M'mawa wa mu Juni kuno, oyilo wotere amachedwa kufika kumtunda kwa injini, pamene injini zimenezi zili ndi VVT-i, kachipangizo kamene kamasintha nthawi yotsegukira ma valve pogwiritsa ntchito oyilo yemweyo wodutsa m'timipata ting'onoting'ono. Injiniyi inapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30. Nambala yoyambayo, ya W, imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, yachiwiriyo mmene amakhalira injini itatentha. Sikuti nambala yaikulu ndiye oyilo wamphamvu, monga mmene ambiri timaganizira ngati tikuwerenga malikisi.

Ndivomere chinthu chimodzi, kuti amene mukufuna kunditsutsa musavutike. Injini yokalamba imene yayamba kudya oyilo, makamaka kwa anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumene kumatentha zenizeni, ikhoza kupatsidwa oyilo wolemererako pang'ono, monga 10W-40, ndipo palibe tchimo. Koma zimenezo zimabwera munthu atayeza, atadziwa kuti vuto n'chiyani. Chimene ndikukana ine n'kuthira oyilo wolemera kuti tisamve.

Chifukwa phokoso la galimoto si limodzi, ndipo ambiri mwa maphokoso amene amatiopsa sakhudzana n'komwe ndi oyilo. Mnyamata uja anandiphunzitsa kufunsa mafunso atatu ndisanatchule matenda, ndipo ndinachita manyazi chifukwa ndi mafunso omwewo amene timauza ana pa pulakitiko. Kodi phokosolo likutsatira injini kapena matayala? Likumveka injini ili yozizira kapena itatentha? Likuchokera kumtunda, kutsogolo kapena pansi?

Loyambalo ndi losavuta. Imitsani galimoto, ikani pa nyutulo, pondani mafuta pang'onopang'ono. Ngati phokoso palibe, ndipo limabwera pokhapokha mukuyenda, kawirikawiri injini ilibe mlandu. Kulira kwa wuuu kumene kumakula ndi liwiro n'kumasintha mukakhotera mbali imodzi kawirikawiri ndi beyaring'i ya tayala. Kwa ta ta ta pokhota mwamphamvu, monga potuluka pa geti, ndi CV joint imene mphira wake unang'ambika kalekale n'kulowa mchenga. Ndaonapo munthu akugula oyilo wa injini chifukwa cha phokoso la tayala.

Ngati likutsatira injini, tsegulani boneti mumvetsere. Kulira kwa kwiii poliza, kapena mukayatsa nyali ndi AC, ndi lamba wakunja amene wafooka kapena wauma, ndipo amenewo ndi matenda otsika mtengo kuposa onse. Kukhuluza kwa kutsogolo kwa injini kukhoza kukhala beyaring'i ya alternator kapena ya pampu ya madzi. Makaniko wanzeru amachotsa lamba n'kuliza injini kwa masekondi ochepa okha, poti pampu ya madzi imakhala itaima, ndipo phokoso likasowa wadziwa kumene likuchokera. Katchetche kopepuka kofanana nthawi zonse kumtunda kakhoza kukhala ma injector, amene amalira choncho ali bwinobwino, kapena mpata wa ma valve umene wakula. Kotchetchera injini ili yozizira n'kusiya ikatentha, nthawi zina ndi utsi wothawa pa gasiketi ya ekizozi, chitsulo chikafufuma ndi kutentha chimatseka chokha. Ana a Fomu 2 amene munamvetsera phunziro la kufufuma kwa zitsulo, ndi zomwezo.

Palinso kulira kwa ngati timiyala m'chitini pokwera phiri pa giya yaikulu. Kumeneko ndi petulo amene akuphulika mosalongosoka mu silinda, ndipo zifukwa zake zikhoza kukhala petulo woipa, mwaye wochuluka, mapulagi olakwika kapena injini yotentha kwambiri. Amene tinkagula petulo wa m'zigubu nthawi imene mafuta ankasowa tikukudziwa kulira kumeneku.

Pofuna kulondola malo, tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga mugunditse pa injini, chigwiriro pa khutu. Mawu amayenda bwino m'chitsulo kuposa mumpweya, tinalemba pa bolodi kangati? Ingosamalani ndi lamba ndi fani, ndipo tayi muvule kaye.

Atsala awiri amene sindifuna kuti tiziwaseweretsa. Loyamba ndi tchetchetche wa masekondi ochepa poliza m'mawa, amene ndikuganiza kuti ndi wa Sienta ya mnzathu, ngakhale sindinganene ndisanamve ndi makutu anga. Pa injini ya tcheni ngati iyi, zimenezi zimasonyeza kuti oyilo akuchedwa kufika pa chokungira tcheni kapena pa giya ya VVT-i. Nthawi zina chifukwa chake n'chaching'ono, monga fyuluta yotsika mtengo imene kamphira kake koletsa oyilo kubwerera pansi usiku sikagwira. Nthawi zina ndi tcheni chimene chatalika, kapena matope aja akuyamba. Apa injini ikadali yopulumutsika, ndipo ndi apa pamene ine ndinataya mwayi. Lachiwiri ndi kho kho kho wolemera wochokera pansi, amene amakula mukaponda mafuta. Makaniko akamachotsa moto pa silinda imodziimodzi, phokoso limachepa akafika pa yodwalayo. Mukamva limeneli zimitsani injini pomwepo, kaya muli pa mlatho, kaya mwachedwa ku invijilesheni. Chimodzimodzinso kanyali kofiira. Ambiri timaganiza kuti kamanena kuti oyilo wachepa, tiwonjezera tikafika. Ayi. Kamanena kuti mphamvu ya oyilo yagwa, ndipo kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Pamtunda umene ndinaumirira pa Khwekhwerere paja ndi pamene crankshaft yanga inathera.

Tsopano ndiyankhe mfundo imene ndikudziwa kuti ili pakamwa pa aliyense, yakuti malipiro athu ndi ochepa. Ndikuwadziwa, ndimalandira omwewo. Sindikunyoza munthu amene wasankha fizi ya mwana kusiya oyilo, poti ndinasankha chimodzimodzi. Koma tiyeni tiwerengere, ife amene timakalipira ana akalephera samu. Injini iyi imadya oyilo wosafika malita 4 ndi fyuluta imodzi. Ndalama imene ndinalipira pokonzetsa injini yanga, kuphatikizapo kuikoka, ikanandisinthira oyilo kwa zaka zoposa zisanu. Ndipo poti ndinalibe ndalamayo mu Okutobala, ndinadikira, kwacha n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo n'kuthawa ndikuyang'ana. Galimoto inakhala pa miyala miyezi isanu ndi iwiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ine ndikukwera kabaza. Walira mvula walira matope. Ngati sitingathe kugula malita 4 a oyilo kawiri pa chaka, tivomereze kuti galimotoyo sitingaithe, tiigulitse ikadali yamoyo. Ndi mawu owawa koma ndi abwino kuposa kubweza ngongole ya chinthu chimene chakhala khola la nkhuku.

Ndiponso tisanamizidwe ndi mfundo yakuti galimoto yanga siyenda kwambiri. Kayendedwe ka mphunzitsi ndi koipa kwa injini kuposa ka munthu wa Lilongwe–Blantyre. Timachoka ku nyumba za aphunzitsi kupita pa msika, makilomita awiri, injini isanatenthe tazimitsa. Chinyezi ndi petulo zimene zimalowa mu oyilo sizipeza mpata wouma. Onjezanipo fumbi la misewu yathu ya dothi m'chilimwe. N'chifukwa chake kapepala kamene amamata pa galasi kamanena makilomita 5,000, ndipo ngakhale musanawakwanitse, miyezi 6 ikatha oyilo ameneyo watopa. Nambala ya pa dashibodi nayonso musaikhulupirire ngati Baibulo. Galimoto zambiri zimene timagula zadutsa m'manja ambiri zisanatipeze, ndipo si manja onse amene ali oona mtima. Ngati muli ndi pepala limene galimoto inatulukira ku Japan, yang'anani, pamalembedwa makilomita amene inali nawo pa nthawi zimene inayezedwa komweko.

Poti ndayamba kale kudandaula, nditchulenso ziwiri mwachidule. Lekani kulola amakaniko kuchotsa thermostat ponena kuti ndi ya ku mayiko ozizira. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, kompyuta yake imathira petulo wambiri, ndipo matope aja amabwera msanga. Lekaninso kuthira madzi a pa mjigo mu rediyeta, amasiya dzimbiri ndi miyala mkati. Ndipo inu a Corolla zakale za injini ya 5A, muli ndi lamba wa timing osati tcheni, amene amasinthidwa pa makilomita 100,000. Ameneyo nthawi zambiri sachenjeza n'komwe, amangoduka.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ife ndife anthu a zolembalemba. Tili ndi ma scheme, tili ndi ma record of work, tili ndi kaundula wa ana, ahedi amasayina Lachisanu lililonse. Mwana akajomba masiku atatu timadziwa. Koma chinthu chokwera mtengo kuposa china chilichonse chimene ambiri a ife tidzagulepo chilibe ngakhale kope la masamba 40. Ine tsopano ndili nalo, limakhala m'kabokosi ka pa dashibodi. Ndimalemba tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo, ndi chimene chasinthidwa. Oyilo ndimayang'ana Loweruka lililonse m'mawa galimoto ili pamalo osatsetsereka, ndipo kusintha ndinakumangirira ku kalendala ya sukulu kuti ndisamaiwale.

Amakaniko nawo ndili nawo mawu, ndipo ana anga amene muli mu ntchito imeneyi mundimvere. Makaniko amene amamvetsera kwa mphindi imodzi n'kunena kuti injini yatha tiphwasule, ndi amene amati thirani wolemera muzipita, onsewo ndi amodzi, akulosera. Pali geji yoyezera mphamvu ya oyilo imene imamangidwa pamalo pa switch ya kanyali kaja. Pali yoyezera compression. Kutsegula chivindikiro cha kumtunda kapena sampu kuti muone matope si ntchito ya tsiku lonse. Koma mlandu wina ndi wathu eni galimoto. Timakana kulipira munthu amene wangoyeza, timati sanagwire ntchito poti sanasinthe kanthu. Timafuna tichoke pa galaja phokoso litatha lero lomwe, ndi ndalama ya m'thumba. Makaniko wa pa msika uja anandipatsa chimene ndinkafuna, ndipo ndikanakhala kuti ndinamva zoti timasule sampu ndikanapita kwa wina. Mnyamata wanga uja amalipiritsa kuyeza, ndipo akuti makasitomala ena amathawa chifukwa cha chimenecho, aphunzitsi ali patsogolo.

Kwa inu achimwene a Sienta, ndikudziwa kuti muwerenga, ndipo mwina mwakwiya kuti ndaitulutsa nkhaniyi. Musathiremo kalikonse kaye. Lachisanu madzulo muiimike pabwalo la pa nyumba panu ndipo musailize mpaka ine nditafika Loweruka 6 koloko, chifukwa ndikufuna ndiimve ili yozizira. Ndibwera ndi sikuludiraiva, ndipo mnyamata uja walonjeza kubwera ndi geji yake akatsegula galaja. Ndalama yoyezera ndi yanu, koma tiyi ndibweretsa ndine. Mufunefunenso kapepala ka sevisi yomaliza, mwina kali m'Baibulo la mayi a kunyumba.